Kachipangizo koyeza BP ka pamkono sikalowetsa magetsi m'thupi

Mphekesera ija imangobwerabwera m'magulu a WhatsApp. Ena akuti kachipangizo kamene dokotala amamangirira munthu pamkono tsiku lathunthu kamalowetsa magetsi mumtima. Ena akuti kamachiritsa BP, moti mankhwala safunikanso. Zonsezi ndi bodza.

Ntchito yake ndi kuyeza basi. Lamba wa pamkono amafufuma ndi mpweya, nthawi zambiri pakatha mphindi 15 mpaka 30 masana, usiku motalikirapo, ndipo kabokosi ka mabatire ka m'chiuno kamasunga manambala kwa maola 24. Kamafinya ndithu, tulo timasokonekerako, koma n'chimodzimodzi ndi makina a kuchipatala aja.

Nanga n'chifukwa chiyani amakavalitsa? Anthu ena BP imakwera akangoona dokotala, pomwe kunyumba ili bwinobwino. Ena kuchipatala imaoneka yabwino koma usiku ili pamwamba. Avareji ya maola 24 ikafika 130/80 kapena kupitirira, ndiye kuti BP ndi yokwera.

Uthenga wotere ukafika, onani ngati watchula kumene wachokera, kenako funsani namwino kapena dokotala musanasiye mankhwala. Chonde musautumizenso m'magulu ena, chifukwa wina akhoza kusiya mapiritsi ake atangouwerenga.