Intenishipu ya kafukufuku wa akamba a m'nyanja yamchere: mafunso omwe ana a pa Chanco amandifunsa

Semesita ino ana angapo a Biology pa Chanco akhala akundifunsa za intenishipu zolondera akamba a m'nyanja yamchere nthawi yoikira mazira, ena pa WhatsApp ena tikakumana ku Chikanda, ndiye ndati ndingoyankha onse pamodzi.

Kuno kulibe nyanja yamchere, ndiye ifeyo tingalowemo?

Eee mutha kulowamo. Zoona akamba amenewa simungawapeze ku Chilwa kapena ku Mangochi, ife tili ndi nkhasi za m'mitsinje ndi m'madambo. Koma padziko lonse ilipo mitundu 7 ndipo 5 mwa iyo imapezeka ku gombe la Mozambique, Tanzania, Kenya ndi South Africa, anzathu oyandikana nawo omwewa. Ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa anayamba kuwalondera mu 1963 ndipo mpaka lero ntchitoyo ikuchitika ku paki ya iSimangaliso, mbali ya Mozambique ili ku Ponta do Ouro. Mabungwe oteteza akamba aliponso, ku Kenya kuli Local Ocean Conservation ku Watamu, ku Tanzania kuli Sea Sense yomwe imagwira ntchito ku chilumba cha Mafia. Kutali uko kuli Sea Turtle Conservancy ku Tortuguero m'dziko la Costa Rica ndi ARCHELON ku Greece.

Kwenikweni munthu amakapanga chani?

Kuyenda usiku, ndipo ndikunena kuyenda kwenikweni, makilomita ambiri pamchenga wofewa mpaka mbandakucha, mvula igwe isagwe. Kamba wamkazi amatuluka m'madzi usiku, kukumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, kuikira mazira pafupifupi 100 kenako kukwirira n'kubwerera. Inu simumuyandikira akadali kufuna malo chifukwa akadzidzimuka amabwerera m'madzi osaikira, mumadikira ayambe kuikira ndiye mumayeza chigoba chake ndi tepi, kuwerenga nambala ya tagi (kachizindikiro komwe amamuika kuti azimuzindikira) ngati ali nayo kapena kumuika yatsopano, kulemba malo a chisa pa GPS. Tochi yake ndi yofiira basi, foni yowala ayi, chifukwa kuwala koyera kumasokoneza makolo ndi ana omwe.

Pakatha miyezi iwiri ana amaswa, ndiye mumakafukula chisa chija kuwerenga zigoba za mazira omwe aswa ndi omwe awola. Fungo lake ndi loopsa koma apa ndi pomwe pamachokera manambala enieni a kafukufuku. Chomwe chimandikhudza kwambiri ineyo ndi nkhani ya kutentha kwa mchenga, kutentha ndi komwe kumapangitsa kuti mwana akhale wamkazi kapena wamwamuna, kukapitirira madigiri 29 akazi amachuluka, ndiye ndi mmene dziko likutenthera muno muone nokha chifukwa chake anthu akuika tizipangizo toyezera kutentha m'zisa.

Nyengo yake ndi liti?

Kummwera kwa Mozambique ndi KwaZulu-Natal amaikira kuyambira cha mu Okutobala kapena Novembala mpaka Febuluwale, ana n'kumaswa mpaka Malichi. Ku Tortuguero akamba obiriwira amachuluka cha pakati pa Julayi ndi Okutobala. Yerekezani ndi kalenda ya sukulu musanalembe, ndipo yambani kufunsira miyezi ingapo nyengo isanayambe.

Amalipira?

Apa tamverani bwino. Nthawi zambiri malipiro kulibe. Pali mapulogalamu omwe amakupatsani pogona ndi chakudya koma thiransipoti ndi yanu, ku Tortuguero othandizira kafukufuku amakhala choncho. Ndiye pali ena omwe inuyo ndi amene mumalipira kuti mukagwire ntchito, amenewo anapangidwira anthu a ndalama zakunja ndipo ine sindingalangize mwana wodalira loni kuti makolo agulitse chimanga chifukwa cha zimenezo. Funsani momveka kuti chakudya, pogona ndi inshulansi ya chipatala alipira ndani, yankho likhale lolembedwa pa imelo ya bungwelo. Wina akakuuzani kuti tumizani kaye ndalama pa nambala yake ya foni kuti akusungireni malo, musatumize.

Mapepala ofunika ndi ati?

Pasipoti, CV, kalata ya alekichala omwe amakudziwani bwino ndi kalata yanu yofunsira. Ku South Africa Mmalawi amalowa opanda viza kwa masiku 30 okha pomwe nyengo ya akamba ndi miyezi, ndiye za chilolezo kambiranani ndi bungwelo musananyamuke. Chipwitikizi pang'ono chimathandiza ku Mozambique, Chiswahili ku Tanzania ndi Kenya, Chisipanishi ku Costa Rica.

Sindinaonepo kamba wa m'nyanja, ndilembe chani m'kalata?

Lembani zomwe munapangadi. Ngati munakatengako madzi mu Likangala kukayeza ku labu, kuwerenga mbalame ku Chilwa, kuyenda ndi GPS m'phiri la Zomba kapena kulowetsa manambala mu Excel, zimenezo ndi zomwe akufuna, za akamba adzakuphunzitsani konko. Onjezanipo ngati munachezako ndi asodzi a ku Kachulu pa kafukufuku wina, chifukwa ku gombe kuja akamba ambiri amakodwa m'maukonde ndipo munthu wodziwa kukhala pansi ndi asodzi mwaulemu amafunika kwambiri.