Intaneti inatsata mawaya a magetsi

Anthu akamadandaula za intaneti amayambira pa mtengo wa bandulo, zoona bandulo ndiyodula, koma ine ndimaona kuti nkhaniyi inayamba kalekale foni zam'manja zisanabwere nkomwe. Nthawi ya Kamuzu lamya inali ya positi ofesi, mawaya ake amathera mu Blantyre, Zomba, Lilongwe, Mzuzu ndi m'maboma basi, komwenso kunali magetsi a ESCOM. Ndiye TNM itayamba m'zaka za m'ma 1990, kenako Celtel mu 1999, yomwe pano ndi Airtel, nsanja zoyamba anazimanga momwemo, pomwe pali magetsi, tala ndi anthu olandira pakutha pamwezi. Chonsecho kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse oposa 8 amakhala kumudzi.

Kwathu mpaka lero foni umakatchajitsa pa trading centre kwa munthu wa sola, ulipire, uisiye pamenepo tsiku lonse, madzulo ukaitenga ukwerenso pachulu kuti netiweki igwire. Munthu wotereyu ukamuuza zoti form ya ntchito alembe pa intaneti mtima umandiwawa.

Chinanso dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, zingwe za intaneti zapansi pamadzi zinatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo mu 2009, ife timachita kugula podutsa kwa anzathuwo, pamwamba pake boma mu 2015 linaikanso msonkho wa 10% pa data ndi ma SMS. Zinthu zomwezi ndi zomwe zinadzutsa #DataMustFall, kampeni yoti mitengo ya data itsike, mu 2020.

Koma chomwe sitimachikamba kwambiri chili m'nyumba momwemo. Foni ikakhala imodzi imakhala ya abambo, amayi amachita kubwereka, akaigwira nthawi yaitali ayamba kufunsidwa kuti mukucheza ndi ndani. Azakhali anga ali ndi kafoni ka mabatani komangidwa ndi labala, sukulu analekezera sitandade 3 chifukwa nthawi yawo pulayimale inali yolipira, yaulere inabwera mu 1994 iwo atakwatiwa kale, ndiye ngakhale muwagulire foni yamakono zambiri mmenemo ndi zachizungu, amangodikira mdzukulu awatsegulire voice note.

Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid, ana ena mtauni amalandira manotsi pa WhatsApp, adzukulu a azakhaliwa amamvera maphunziro pa wailesi, mabatire akatha amapita kudimba.