Mpasa ndi matope ochokera kwathu

Nkhani ya damu la Diamphwe ikadzuka, anthu muno mu Lilongwe amakangana za madzi a m'mipopi, chipukuta misozi ndi midzi yofunika kusamuka. Za nsomba ya mpasa sizimveka. Chonsecho mitsinje ya Diamphwe ndi Lilongwe yonse imathira mu Linthipe, njira imene mpasa ndi sanjika zimakwera pochoka m'nyanja ya Malawi kukaswana.

Mpasa siikira mazira paliponse. Imakwera mtsinje mvula ikamatha, n'kufuna malo osazama, a madzi oyera othamanga, pansi pali timiyala. Mazira amabisala m'mipata ya timiyalato, ndipo tiana timayamba takulira mumtsinje tisanatsikire kunyanja. Trout, yomwe atsamunda anabweretsa ku phiri la Zomba ndi ku Nyika, ndi nsomba ina, koma nayonso imafuna timiyala toyera tomweti.

Mlandu wa kusowa kwa mpasa kawirikawiri umagwera asodzi: biyo lotseka mtsinje wonse, miono, matchera pakamwa pa mtsinje, katupe. Izi n'zoona ndithu, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Koma akuluakulu a kunyanja amanena kuti biyo ndi mono n'zamakolo, ndipo mpasa inkakwerabe chaka ndi chaka. Ofufuza za nsomba, monga Denis Tweddle amene anaitsatira mpasa kwa zaka zambiri, anatchulanso kuwonongeka kwa mitsinje kumtunda. Ine mawu amenewa ndimawamva kulemera.

Pamene zinthu zinakhotera ndi m'zaka za m'ma 1970. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, minda ikuluikulu ya fodya inatambalala m'zigwa za Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu, ndipo zigafa ndi mabani zinkadya mitengo chaka chilichonse. Madimba anafika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, bango linapita. Kenaka kunabwera makala a ku Dzalanyama, komwe mtsinje wa Lilongwe umayambira, mpaka boma linachita kutumizako asilikali. Imani pa mlatho wa ku Old Town mu Januwale: madzi amakhala ngati thobwa. Dothi limenelo likakhazikika kumunsi limatseka timiyala, mazira n'kufera momwemo posowa mpweya.

Mtsinje wa Bua ukutiuza kanthu. Nawonso umadutsa m'minda ya fodya, koma chakumunsi umalowa m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. M'menemo magombe akadali ndi mitengo, ndipo n'chifukwa chake Bua amatchulidwabe ngati umodzi mwa mitsinje yomwe mpasa ikuswanabe. Linthipe alibe chitetezo chotere. Msodzi wa ku Salima akamulanda matchera, amene anawotcha makala ndi ife amene tinawagula ku Area 36 timagona tulo osafunsidwa kanthu.