Joni, mwana wa Moffat, ndi pepala la Lobengula

Pa 11 February 1888, ku Bulawayo, mfumu ya Amandebele, Lobengula, inaika chizindikiro chake pa kapepala ka mawu ochepa. Azungu ofuna migodi ndi malo anali atazolowera kukhala pakhomo pake miyezi yathunthu, iye akungowauza kuti abwerenso mawa. Koma amene anabweretsa pepala la tsikuli sanali mlendo. Anali John Smith Moffat, amene Amandebele ankangomuitana kuti Joni, mwana wa bwenzi la bambo ake a mfumuyo.

Ubwenziwo unayamba kale. Robert Moffat anali wa ku Scotland, wolima maluwa ndi ndiwo zamasamba asanalowe bungwe la London Missionary Society. Anafika ku South Africa mu 1817, n'kukhazikika ku Kuruman pakati pa Atswana, kumene anamasulira Baibulo lonse m'Chitswana. Mu 1829 anakumana ndi Mzilikazi, bambo a Lobengula, ndipo awiriwa anagwirizana modabwitsa. Mzilikazi sanalandire chikhristu mpaka imfa yake mu 1868, komabe Moffat akafika, mfumu inkamulandira ngati mbale. Ulendo wina Moffat anaipeza ikudwala, miyendo itatupa, naipatsa mankhwala. Ana a mfumu anakula akudziwa kuti pali mzungu mmodzi amene bambo awo amamukhulupirira.

John anabadwira ku Kuruman komweko mu 1835, chaka chimene Angoni a Zwangendaba ankawoloka Zambezi. Mchemwali wake wamkulu, Mary, ndi amene anakwatiwa ndi David Livingstone mu 1845, n'kudzamwalira ndi malungo ku Shupanga mu 1862. Choncho Livingstone anali mlamu wake, ndipo ulamuwo unagwira ntchito: John atamaliza maphunziro ku England n'kukwatira Emily Unwin mu 1858, amene anatulutsa ndalama za m'thumba mwake zomuyendetsera umishoni anali Livingstone.

Ulendo wa mu 1859 wopita kwa Amandebele unali wa mavuto. Ng'ombe zokoka ngolo zinagwidwa matenda a m'mapapo panjira. Robert, amene ankatsogolera gululo, anadziwa kuti kulowa nazo m'dziko la anthu amene chuma chawo chonse ndi ng'ombe kukanakhala kudziputira mlandu wosatha, motero anatumiza mthenga kwa mfumu. Mzilikazi anatumiza asilikali ake, ndipo iwowo ndi amene anakoka ngolozo ndi manja. Tangoganizani ankhondo oopedwa dera lonselo akukoka ngolo ya Emily, mtsikana wa ku Brighton. Kumapeto kwa chakacho anapatsidwa malo ku Inyati, bambo Moffat n'kubwerera ku Kuruman chaka chotsatira, kusiya John ndi anzake awiri, William Sykes ndi Thomas Morgan Thomas.

Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala kumeneko osabatiza munthu ndi mmodzi yemwe. Anthu ankabwera kudzazulitsa mano, kudzakonzetsa mfuti, kudzapempha mankhwala, koma za kutembenuka mtima ayi, chifukwa palibe amene akanayerekeza kutsogola pa njira imene mfumu sinapondepo. Ine ndimaona kuti zaka zimenezi ndi zimene zinaumba maganizo a John pa zonse zinadzachitika pambuyo pake. Anachoka ku Inyati mu 1865 akudziwa chilankhulo, akudziwa ana a mfumu, komanso ali ndi chitsimikizo mumtima kuti bola ufumu wa Amandebele uli chiimire, uthenga wake sulowa.

Anabwerera ku Kuruman, natenga ntchito ya bambo ake atapuma mu 1870. Mu 1879, atasemphana maganizo ndi amishoni anzake, anatula pansi udindo n'kulowa ntchito ya boma la Britain. Anagwira ku Transvaal, ku Basutoland, kenako n'kukhala wachiwiri kwa bwanamkubwa woyang'anira Bechuanaland.

Mu 1887 kunamveka kuti Mabunu a ku Transvaal atumiza Piet Grobler kwa Lobengula ndipo abwerako ndi pangano. Cecil Rhodes, mpondamatiki wa migodi wochokera ku Britain, amene maso ake anali pa golide wa kumpoto kwa Limpopo, sanagone tulo. Anakakamiza nthumwi yaikulu ya Britain ku Cape Town, Sir Hercules Robinson, kuti achitepo kanthu, ndipo munthu woyenera kumutuma anali wodziwikiratu. Pangano limene John anapeza linkaoneka losalakwa: mtendere pakati pa Amandebele ndi Britain, komanso lonjezo loti mfumu sidzagulitsa kapena kupereka gawo lililonse la dziko lake kwa boma lina popanda chilolezo cha nthumwi ya Britain. Silinalande munda wa munthu aliyense. Linangotseka zitseko zonse kusiya chimodzi, ndipo pa chitseko chotsalacho panali pataima Rhodes.

Miyezi isanu ndi itatu pambuyo pake, pa 30 October 1888, Charles Rudd ndi anzake awiri, otumidwa ndi Rhodes, anapeza chilolezo cha migodi yonse ya m'dzikolo. Malipiro ake anali mfuti 1,000, zipolopolo 100,000, mapaundi 100 pamwezi, ndi sitima yapamadzi ya pa Zambezi imene sinabwere n'komwe. Womasulira anali mmishoni wina, Charles Helm. Lobengula atamva bwinobwino zimene zinalembedwa anayesa kukana, mpaka kutumiza nduna zake ku London kwa Mfumukazi Victoria, koma madzi anali atatayika kale. Kampani ya Rhodes inalandira chilolezo cha ufumu wa Britain mu 1889, inakwezera mbendera ku Fort Salisbury (Harare wa lero) mu September 1890, ndipo mu 1893 inathira nkhondo Amandebele. Lobengula anatentha Bulawayo n'kuthawira kumpoto, kumene anamwalira kuchiyambi kwa 1894.

Pali ena amene amati John anangopusitsidwa ndi Rhodes ngati mmene anapusitsidwira Lobengula. Zimandivuta kuvomereza. M'makalata ake sanabise kuti ankafuna mphamvu za nkhondo za Amandebele zithe, ndipo nthawi yonse imene kampani inkakonzekera kulowa, iye anali ku Bulawayo monga nthumwi ya boma, akukhazika mfumu mtima pansi. Chimene ndingamuvomereze n'chakuti ataona mmene kampaniyo ikuchitira, makamaka Jameson, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, ataukira Transvaal kumapeto kwa 1895, anadzudzula Rhodes poyera pa nthawi imene azungu ambiri ankamulambira. Anapuma ntchito mu 1896, namwalira ku Cape Town mu 1918.

Ana ake anagawana njira ziwiri za bambo awo. Howard Unwin Moffat anatenga ya ndale, nakhala nduna yaikulu ya Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero) kuyambira 1927 mpaka 1933. Mu ulamuliro wake ndi mmene munadutsira lamulo la 1930 logawa malo potengera khungu, limene linapereka pafupifupi theka la dzikolo kwa azungu ochepa chabe. Mkangano wa malo umene Zimbabwe ikulimbana nawo mpaka lero mizu yake ina ili pamenepo. Mng'ono wake, Malcolm, anatenga ya umishoni. Anagwira ntchito za ulimi ku mishoni ya Livingstonia ku Nyasaland, kenako mu 1907 anakatsegula mishoni ya Chitambo m'dera la Serenje, chakufupi ndi kumene amuna a azakhali ake, Livingstone, anafera mu 1873.

Mwana wa Malcolm, amene anamutcha dzina la agogo ake, John, anabadwira ku Nyasaland mu 1905. Anakhala DC ku Northern Rhodesia (Zambia wa lero), kenako phungu woimira anthu akuda m'nyumba ya malamulo, nthawi imene ankaganiza kuti mzungu ndiye angawalankhulire. Mu 1954 anadutsitsa mfundo zoti pasakhale mtundu woopa kuponderezedwa ndi unzake. Chipani chake cha Liberal chinalephera kupeza mpando pa chisankho cha 1962, chimene chinatsegulira njira Kenneth Kaunda ndi Harry Nkumbula, ndipo chinathetsedwa. Patapita zaka anasamukira ku New Zealand, kumene anamwalira mu 1985.