Wotchi Yolowa Nayo Pansi pa Madzi Siyenera Kukhala Chiwotchi

Ambiri amakhulupirira kuti wotchi yolowa nayo pansi pa madzi, kuti ikhale yeniyeni, iyenera kudzaza mkono wonse. Si zoona ayi. Muyezo wa padziko lonse wa mawotchi otere, wotchedwa ISO 6425, umafuna kuti wotchi yotere ipirire madzi akuya mamita 100, ioneke mumdima, ndipo ikhale ndi chowerengera nthawi imene munthu wakhala m'madzi. Za kukula sutchula n'komwe. Mwachitsanzo, wotchi ya Rolex Submariner inakhala ya mamilimita 40 m'mimba mwake kwa zaka zambiri mpaka 2020, ndipo Tudor Black Bay 58 ndi ya 39.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ogula amangofunsa kukula kwa nkhope yake basi. Yang'anani timakutu togwira lamba. Kutalika kochokera ku timakutu takumtunda kufika ku takumunsi ndiko kumaonetsa ngati wotchi ikukwanani. Seiko SKX007 ndi ya mamilimita pafupifupi 42, koma timakutu take n'tatifupi, choncho imakhazikika ngakhale pamkono woonda.

Ivaleni, muime pagalasi chapatali pang'ono. Timakutu tikatulukira kunja kwa mkono, lamba n'kumatsika choongoka ngati chingwe cha pachitsime, ndiye kuti yakukulirani. Onaninso kukhuthala kwake, chifukwa yokhuthala kwambiri imangokola pamkono wa shati tsiku lonse.