Ma 5000W a pa katoni aja ndi bodza, siyani kupsereza ma ampu

Ndalama za fodya zikangoyamba kutuluka ku Chinkhoma ine ndimadziwiratu kuti pofika August shopu yanga yokonzera zamagetsi pano pa Kasungu boma idzaza ndi ma ampu (makina okweza mawu opita ku masipika) akupsa. Chaka ndi chaka nkhani yake yomweyomweyo. Munthu wagula home theater yolembedwa 5000W pa katoni, wafika nayo kunyumba waona sikugunda mmene amaganizira, nde wakabwereka masipika ena awiri kwa mlamu wake nkuwamangirira pa mawaya omwewo. Sipatha mwezi, fungo la chopserera pabalaza ponse.

Nambala ija mukaona pambali pake alemba PMPO dziwani kuti ndi ya otsatsa malonda basi. Yeniyeni ndi RMS ndipo ambiri sailemba nkomwe. Tembenuzani chipangizocho muone kumbuyo polowera chingwe cha magetsi, pali kastika kolembedwa 230V 50Hz kenako magetsi omwe chimadya, mwina 60W mwina 80W. Nde mundiuze inuyo abale, chinthu chodya 60W chitulutsa bwanji 5000W, enawo achokera kuti? Pabalaza wamba 30W kapena 50W RMS pa sipika iliyonse ndi zokwanira kuti aneba abwere kudzagogoda.

Pa zowonjezera masipika ndi pomwe ndatopa napo kulankhula. Kumbuyo kwa sipika amalemba 8 ohms kapena 4, nambala yoonetsa mmene sipikayo imalimbanirana ndi magetsi ochokera ku ampu. Mukamanga awiri a 8 malo amodzi, wofiira kwa wofiira wakuda kwa wakuda, ampu imaona 4, awiri a 4 imaona 2, ndipo nambalayi ikamatsika ampu imakoka magetsi ambiri nkumatentha mpaka ma transistor kupita. Ma ampu ambiri a mnyumba sanapangidwire pansi pa 4, ena amalekezera pa 6, zalembedwa pomwepo pa zomangira mawaya koma ndani amawerenga. Ndipo mukamva mawu ayamba kusasa voliyumu ili kumapeto, tsitsani, ampu yafika pothera mphamvu zake ndipo choyamba kufa ndi twita, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala kaja.

Pali bambo ena achikulire a cha ku Chamama omwe nkhani yawo imandiwawabe. Mwana wawo ali ku Joni anawatumizira receiver yeniyeni, ampu yaikulu ya home theater, yolemera yoti kunyamula ndi manja awiri, ndi masipika ake asanu. Inayamba kumazima yokha akakweza voliyumu. Kuzima kumeneko sikuwonongeka ayi, makinawa ali ndi chitetezo mkati, akaona kuti kwinakwake mawaya akugundana amadzizimitsa okha. Iwo anangopitiriza kuyatsa, kuzima, kuyatsa, mpaka fyuzi inapsa. Anapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pa trading, iye nkukulunga fyuzi ija ndi kapepala konyezimira ka mpaketi ya ndudu, relay ya chitetezo nkuidumphitsa ndi waya, nkuwauza kuti madala yatheka, tsopano sizimanso. Zoonadi sinazime, inaimba tsiku lonse pa chinkhoswe mpaka utsi.

Atabwera nayo kwa ine nditatsegula, thiransifoma yakuda bii, bolodi ya output yapserera mpaka kuboola. Nditayang'ana mawaya awo a masipika ndinapeza timawaya tiwiri ta kopa, tating'ono ngati tsitsi, tatuluka pa chomangira chofiira nkumakhudza chakuda. Vuto lonse linali limenelo, lopotokola ndi zala, ndalama sindikanawalipiritsa nkomwe. Thiransifoma ya mtundu umenewo ndinafunsa mpaka ku Lilongwe osaipeza. Bambo aja sanakalipe, anangondifunsa kuti nanga mwana uja akaimba foni ndimuuza chani. Fyuzi ndi mlonda abale, akakuwa kuti kwabwera akuba simummanga pakamwa. Ikapsa ikani ina ya nambala yomweyo, ikapsanso pali chomwe chikuipsereza, ndipo mmisiri aliyense wokuuzani kuti "tingodumphitsa" nyamulani katundu wanu muzipita.

Kuchedwa nakonso kukutidyera ndalama. Wufa, sipika ya bass ija, ikayamba kulira mmmm ngakhale nyimbo musanaike, nthawi zambiri ndi ma capacitor otupa, zinthu zotchipa, ntchito ya ola limodzi. Inu mumati bola ikuimba, miyezi nkumapita, pobwera nayo yatenga ndi zina. Kwa a sola, kulira komweko kumathanso kuchokera ku inveta yotchipa ya modified sine wave, yesani kaye pa magetsi ena musanaitsegulitse. Magetsi akazima zulani pa khoma chifukwa zambiri zimapsa pobwera, kapena gulani ka TV guard kamene kamadikira kaye kasanalole magetsi kulowa. Mvula ya ziphaliwali zulani zonse ndi chingwe cha dishi chomwe, guard sangalimbane ndi mphenzi.

Za kompyuta yoonera mafilimu pa TV musavutike ndi za gaming. Timakompyuta takale ta mmaofesi tija, Dell OptiPlex, HP kapena Lenovo ThinkCentre, tikukwana bwinobwino, ndipo tating'onoting'ono timagwiritsa charger ngati ya laptop ya 65W, pa sola sitivuta. Core i3 kapena i5, RAM 4GB ikwana, 8GB ngati mukufuna Windows. Chofunika kuyang'ana ndi generation ya purosesa, kutanthauza m'badwo wake. Kuyambira ya 6, monga i5-6500, purosesa imatha kusewera payokha mafilimu opanikizidwa mwa H.265 (omwe amalembedwanso x265), ya 7 imathanso ndi ma 10-bit, pomwe zakale kwambiri zimadodomadodoma pa mafayilo a x265 omwe anyamata obena amakuikirani mu flash, nde inu nkumati TV ndi yabodza. Ikani SSD ya 128GB ya system, mafilimu akhale pa hard disk yakale. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025, nde ngati ntchito yake ndi mafilimu ndi nyimbo basi ikani LibreELEC mmalo mwa Windows, ndi yaulere, ikayaka imalowa molunjika mu pulogalamu yoonetsera mafilimu yotchedwa Kodi, muwonjezere ka keyboard ka wireless mwamaliza.

Chimodzi chomwe chimabweza anthu kwa ine sabata iliyonse, VGA sinyamula mawu. Chithunzi chibwera, mawu zii. Makompyuta a mmaofesiwa ambiri alibe HDMI, ali ndi DisplayPort, gulani ka adapter ka DisplayPort kupita ku HDMI, kameneko kamanyamula zonse ziwiri. Kapena tengani mawu pa kabowo kobiriwira kaja mulowetse ku AUX ya ampu.

Ndipo chonde amayi, tinsalu toluka tija tichoke pamwamba pa ampu ndi kompyuta, timabowo tija ndi topumira, kutentha kwa October kuno mukukudziwa, fumbi lake nalonso lofunika kulipemerera kawirikawiri. Masipika atsike pamwamba pa display cabinet akhale molingana ndi makutu mukakhala pa sofa, wufa pansi pafupi ndi khoma, mumva bass yomwe mumafuna kukagulira wufa ina. Pogula kompyuta ija pitani ndi flash yanu yokhala ndi filimu ya x265, ailumikize ku TV ya mshopumo, muone chithunzi ndi kumva mawu musanatulutse ndalama.