Mwasiya nyama, chabwino, nanga ku Blantyre mukadya chiyani?

Anthu amene anasiya nyama akamapita kutawuni kukapumako kumathero a sabata, akabwerera amandisimbira nkhani yofanana. Lachisanu madzulo tchipisi ndi Fanta. Loweruka m'mawa buledi wopaka majarini ndi tiyi wa shuga wambiri. Masana tchipisi zina, tikabichi pambali. Madzulo mpunga wothira supu wa tomato. Akatero amandiuza monyadira kuti nyama sanaikhudze ngakhale pang'ono. Inde simunaikhudze, koma kwa masiku awiri athunthu simunadyenso chilichonse chomanga thupi, ndiye musayembekezere kuti ine, amene ntchito yanga ndi ya kadyedwe, ndikuombereni m'manja.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya munawamva kusikelo ndi pawailesi, sindiwabwereza. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mukachotsa gulu la zanyama, ntchito yake siithera pomwepo. Gulu la nyemba ndi limene liyenera kuisenza. Choncho mbale iliyonse imene mwaitanitsa muziifunsa funso limodzi: nyemba zili pati? Kaya ndi nyemba zenizeni, nandolo, khobwe, nzama, soya kapena nsinjiro za m'masamba, pakhale chimodzi mwa izi. Ngati palibe, mwakhuta chabe.

Chodabwitsa n'chakuti mu Blantyre munthu wosadya nyama amadya bwino malo otchipa kuposa malo odula. Lowani m'lesitilanti za kumsika wa Blantyre kapena wa Limbe nthawi ya nkhomaliro. Mupeza nsima, nyemba zofiira zophikidwa mpaka msuzi kukhuthala, nkhwani kapena mpiru wotendera, mwina ndi nandolo ngati ndi nyengo yake. Imeneyo ndi mbale yokwana, ndipo palibe amene anaikonza poganizira ma vegan, anthu aja osadya chilichonse chochokera ku nyama. Pitani kuhotela, mupeza kuti pamndandanda wa zakudya pali kachigawo ka anthu osadya nyama, koma mukawerenga ndi pasta wothira tchizi ndi saladi wa letesi. Amene amadya mkaka ndi mazira atha kudutsa nazo. Amene anasiya zonse zochokera ku nyama amatsala ndi letesiyo, ndipo letesi ndi madzi okhaokha.

Ngati mukufuna kudya mokhala pansi ndi kuwononga kandalama, funani lesitilanti ya amwenye. Blantyre ndi Limbe kuli mabanja ochokera ku India kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ambiri a chipembedzo cha Chihindu akhala osadya nyama kwa mibadwomibadwo, kotero kaphikidwe kawo sikongochotsa nyama m'mbale n'kusiya dzenje. Itanitsani dal kapena chana, ndiwo zawo za m'gulu la nyemba. Dal wina amene mukadye kumeneko ndi nandolo yemweyu wa ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, wongomusenda ndi kumugawa pakati. Mu 2021 boma la India linagwirizana ndi Malawi zoti amalonda a kumeneko azigula matani 50,000 a nandolo pachaka chifukwa cha chakudya chomwechi. Ife timamugulitsa motchipa pasikelo ya mavenda kenako n'kumadandaula kuti ndiwo kulibe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Amene simudya za mkaka muchenjere: ghee ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe, paneer ndi tchizi, ndipo naan nthawi zambiri amamupaka batala. Pemphani chapati wosapaka kanthu.

Pofunsa, funsani chinthu chenichenicho. Mukangoti "muli nyama umu?" akuyankhani kuti ayi, ndipo sakunama, chifukwa wophikayo sakuwerengera kabonya kamene anawaza m'masamba. Nenani kuti, "Amayi, masambawa mwathiramo bonya kapena usipa? Nyembazi mwaphika pazokha kapena mwathiramo msuzi wa nkhuku?" Pachiwaya palibe chofunsa, maso anu akuona okha: tchipisi zili mbali iyi, nyama ya mbuzi kapena ya nkhumba mbali inayo, mafuta ndi amodzi, supuni ndi imodzi. Ngati munasiya nyama chifukwa cha chikhulupiriro, monga achina Adventist ena kapena ma Rasta, imeneyo ndi nkhani ya inu ndi chikumbumtima chanu ndipo ndimailemekeza. Kumbali ya thanzi, kadontho ka msuzi wa nkhuku sikakuchitani kanthu. Ndimatopa kuona munthu akukangana ndi woperekera zakudya chifukwa cha kadonthoko pamene zoopsa zenizeni sakuziganizira n'komwe.

Choopsa choyamba ndi njala ya panjira. Basi yochokera ku Lilongwe imatenga maola anayi kapena asanu ikayenda bwino, ndipo zimene amakwezera pazenera zambiri ndi nkhuku yokazinga, mazira ndi mandasi. Ikani m'chikwama mtedza wokazinga, nthochi, ndi buledi wopaka chiponde. Kwa munthu wabwinobwino kudumpha chakudya ndi kungomva njala basi. Kwa wodwala shuga amene amamwa glibenclamide kapena kudzibaya insulin ndi nkhani ina: wamwa mankhwala m'mawa, pa Lizulu kapena pa Ntcheu sanapeze chimene amadya, wanena kuti akadyera ku Blantyre, pofika pa Zalewa thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akuyankhula zosamveka. Shuga watsika. Pamenepo sitifunsanso ngati bisiketi ili ndi mkaka. Mpatseni chotsekemera chilichonse chimene chili pafupi, ndipo ngati sakutha kumeza musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Chachiwiri ndi maganizo akuti matenda a m'mimba amachokera ku nyama yokha. Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sinkasankha kuti uyu amadya nyama, uyu sadya. Taifodi nayo ndi yakale mu Blantyre, n'chifukwa chake kafukufuku wa katemera wake anachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Matenda awiriwa amayenda ndi madzi ndi manja. Saladi wa kabichi ndi tomato wosaphika, wotsukidwa m'beseni limene madzi ake sanasinthidwe chiyambire m'mawa, ndi woopsa kuposa nyemba zotentha zochokera pamoto. Mpunga wogona umene autenthetsanso umatsegula m'mimba popanda nyama iliyonse. Idyani zotentha, ndipo chipatso muzisenda nokha.

Komabe masiku awiri a tchipisi sangakugwetseni. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kadyedwe ka paulendo kamandionetsa mmene munthu amaganizira masiku onse, ndipo ndikafunsa za vitamini B12, ambiri amandiyang'ana ngati ndatchula dzina la mankhwala a mbewu.

Vitamini ameneyu mwachilengedwe amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Mu bonongwe mulibe, mu nyemba mulibe, mu soya mulibe pokhapokha opanga atachita kuthiramo n'kulemba papaketi. Munthu wamkulu amafunika ma microgram 2.4 okha patsiku, kanthu kochepa zedi, koma popanda kameneko thupi silipanga bwino magazi ndipo chikuto cha mitsempha chimayamba kuwonongeka. Vuto lake ndi loti chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo. Zili ngati nkhokwe imene munadzaza kale: mumangotapa, nsima ikubwera tsiku lililonse, osadziwa kuti pansi payandikira. Ndiye munthu amasiya nyama, chaka choyamba amapepukidwa, chachiwiri amachitira umboni kwa anzake kuti sanadwalepo, ndipo zizindikiro zikamabwera chaka chachitatu kapena chachinayi saziganiziranso kuti zikugwirizana ndi chakudya.

Pali mayi wina amene mpaka pano ndimamuganizira. Anali mphunzitsi, wazaka za m'ma 40, wosamala kwambiri za thanzi lake, ndipo anasiya nyama, mazira ndi mkaka atamva chiphunzitso cha za kadyedwe. Kunena zoona ankadya bwino kuposa odwala anga ambiri: nyemba, masamba, zipatso, mgaiwa. Zinayamba ndi dzanzi kuzala za kumapazi, ngati nyerere zikuyenda. Kenako lilime linayamba kuwawa n'kukhala losalala, lofiira. Anayamba kuiwala mayina a ana a m'kalasi mwake. Usiku magetsi akazima ankalephera kuyenda m'nyumba mwake momwe, chifukwa mapazi sankamuuzanso pamene pali pansi. Ankadalira maso okha. Chizindikiro chimenechi chikanafika kwa dokotala aliyense, akanadziwa pomwepo kuti mitsempha ya mumsana yakhudzidwa.

Sichinafike kwa dokotala. Chinafika kwa munthu wogulitsa mankhwala a zitsamba pa WhatsApp, amene anawauza mayiwo kuti dzanzilo ndi poizoni wa nyama imene anadya kale akutuluka m'thupi, apirire. Anawagulitsa ufa wa chammwamba, mapiritsi a ndere zotchedwa spirulina ndi tiyi wotsuka m'mimba, mwezi ndi mwezi, pamtengo umene ukanalipira kuyezetsa magazi kangapo. Pamene abale anawabweretsa kuchipatala anali akuyenda mogwiriridwa. Atayamba kulandira jakisoni wa B12 magazi anabwerera msanga, mutu unayera, lilime linapola. Mapazi sanabwerere onse. Amayenda ndi ndodo, ndipo bolodi amalemba atatsamira tebulo. Akanabwera dzanzi litangoyamba, nkhaniyi ikanathera pa majakisoni ochepa ndi mapiritsi otchipa.

Ndiye ndinene mosapsatira. Chammwamba ndi masamba abwino, thirani m'phala ngati mukufuna, koma si gwero la B12. Spirulina ali ndi kanthu kofanana ndi B12 kamene thupi la munthu silitha kugwiritsa ntchito. Thobwa, mahewu ndi zina zosasitsa musazidalire pa nkhaniyi. Palibe poizoni wa nyama amene amakhala m'thupi zaka n'kumatuluka kudzera m'dzanzi. Ntchito yotsuka magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo sizifuna tiyi wa munthu aliyense. Aliyense wokuuzani kuti kudwala kwanu ndi chizindikiro chakuti mankhwala ake akugwira ntchito, akukusungani kuti mupitirize kugula. Ndipo makina aja amene amakugwiritsani kachitsulo m'manja n'kutulutsa pakompyuta mndandanda wa mavitamini amene akuti mukusowa, sayeza kanthu. B12 amayezedwa m'magazi, ku labotale.

Chinanso chimene chimasokoneza, ngakhale kwa ife azaumoyo, n'chakuti anthu odya masamba ndi nyemba zambiri amakhala ndi vitamini wina wotchedwa folate wochuluka, ndipo folate amatha kubisa kuchepa kwa magazi pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka. Choncho kuuzidwa kuti "magazi anu ndi okwanira" sikutseka nkhani. Ngati muli ndi dzanzi, muuzeni dokotala momveka kuti simudya zanyama ndipo mwatha zaka zingati, kenako pemphani kuti ayeze B12 yeniyeniyo. Musadzipime nokha, chifukwa dzanzi la kumapazi limabweranso ndi shuga, mowa, HIV, ndi mankhwala a TB otchedwa isoniazid. Amene mumamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin kwa zaka zambiri dziwani kuti nayenso amachepetsa B12, ndiye mukaphatikiza ndi kusiya nyama mwamenyedwa mbali ziwiri.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, apa ndiye sindinyengerera. Mwana amatenga B12 kwa inu, ndipo iye alibe nkhokwe ya zaka ngati yanu. Khanda la mayi wosowa vitaminiyu limatha kuyamba kufooka lisanathe chaka, kusiya kumwetulira, kusiya kukhala tsonga pamene linali litayamba kale. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid amene mumalandira kusikelo ndi ofunika, imwani, koma B12 mulibe mmenemo. Auzeni anamwino za kadyedwe kanu pa ulendo woyamba.

Popeza mwafika kale kutawuni, kumene mafamase ndi malabotale ali pafupi kuposa kwanu, Loweruka m'mawa patulani ola limodzi. Amene mumadya mazira ndi mkaka pafupipafupi mwina mukukwanitsa, ngakhale dzira limodzi pasabata si pafupipafupi. Amene munasiya zonse, gulani mapiritsi a cyanocobalamin, amene ndi B12 yemweyo. Bungwe la Vegan Society la ku Britain, limene linayamba mu 1944 ndipo silingakunamizeni kuti mubwerere ku nyama, limalangiza ma microgram osachepera 10 tsiku lililonse kapena 2,000 kamodzi pasabata. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, chifukwa mapiritsi ena olembedwa kuti B-complex alibe B12 ngakhale pang'ono. Koma ngati dzanzi layamba kale, kapena mukudzandira mumdima, musayambe ndi famase. Pitani kwa dokotala sabata yomwe ino, akuyezeni musanamwe kanthu, chifukwa mitsempha ikakhudzidwa nthawi zambiri timayamba ndi jakisoni.